Virginia Ali M'chigafa Mwathu

Pali dzina limodzi lachilendo limene limamera m'minda ya kwathu kwa Dambe chaka ndi chaka, ndipo palibe amene analiimitsapo panjira kulifunsa kumene lichokera. Dzinalo ndi Virginia. Fodya wa kampopi, uja aumitsira m'balani ndi moto woyenda m'mipope, ogula amamutcha Virginia. Mtedza wa maso akuluakulu umene Mchinji amatchuka nawo, Chalimbana ndi mng'ono wake CG7, akatswiri a ku Chitedze amauwerengera m'banja la Virginia. Mwana wa ku Kapiri amadya nsinjiro za Virginia, nakulira m'fungo la fodya amene mizu yake iri ku Virginia, koma akafika pano pa koleji n'kumva kuti wina afuna kulemba za Virginia, ndiye woyamba kukwinya mphuno n'kunena kuti, "Za azungu izo, achimwene, lembani za kwathu."

Ndalemba nkhani ino kuti ndikangane ndi magulu awiri amene amalamulira zokamba zathu m'gulu la alembi lino. Loyamba ndi la anzathu amene Amereka amamuona ngati kumwamba kwa pansi pano, amene akagona amalota sikolashipu ndi ndege. Kwa iwo dziko limenelo liribe midzi, liribe manda, liribe milandu yakale. Liri ndi madola basi. Lachiwiri ndi la alonda a chikhalidwe, amene kwa iwo mlembi weniweni ndi uja yekha alemba za gule, za chinamwali, za mtondo ndi za mwezi wowala pabwalo. Magulu awiriwa amaoneka ngati adani, komatu amadyera mbale imodzi. Onse amakonda chikhalidwe chosamba m'manja, chopanda thukuta, chopanda ngongole. Ndipo ngati pali malo pa dziko lino amene anakhwima pa luso losambitsa mbiri m'manja, malowo ndi Virginia.

Virginia ndi chimodzi mwa zigawo 50 za United States. Chiri kumwera chakum'mawa kwa dzikolo, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, ndipo kukula kwake n'kocheperako pang'ono kuyerekeza ndi Malawi. Likulu lake ndi Richmond. Eni ake ali ndi zonyadira zambiri ndipo sazibisa: mudzi woyamba wokhazikika wa Angerezi ku Amereka, Jamestown, unamangidwa kumeneko m'chaka cha 1607, mapulezidenti 8 a dzikolo anabadwira kumeneko, m'mbali mwa mtsinje wa James mudakaima nyumba zikuluzikulu za njerwa za eni minda akale, ku Williamsburg anthu amalembedwa ntchito yovala zovala za makedzana kuti alendo aone mmene makolo ankakhalira. Amanyadiranso ulemu wawo pa alendo ndi nyama yawo ya nkhumba yofutsa ya ku Smithfield. Zonsezi n'zoona. Funso langa ndi lija limene mlendo waulemu safunsa: nanga njerwazo anaumba ndani, ndipo ndalama yake inachokera m'munda wa yani?

Jamestown poyamba unali manda. Angerezi anabwera kudzafuna golide, sanampeze, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda pa nthaka ya anthu a Powhatan, eni dzikolo. Chimene chinawaombola ndi tsamba. M'chaka cha 1612 John Rolfe, amene ambiri amangomudziwa monga mwamuna wa Pocahontas, anayesa kubzala mbeu ya fodya wofewa yochokera cha ku Caribbean, ndipo pasanathe zaka zambiri anthu anali kuoka fodya ngakhale m'miseu ya m'mudzimo. Golide uja anasowa pansi pa nthaka anapezeka pamwamba pake. Amene mwamvapo nduna zathu zikutcha fodya "golide wobiriwira" dziwani kuti maganizo amenewo ndi achikulire kuposa nduna zimenezo.

Komatu fodya, monga mwana aliyense wa kwa Dambe adziwa, sadya nthaka yokha, amadya anthu. Nazale afuna madzi m'mawa ndi madzulo. Kuoka kufuna msana. Kenaka kupalira, kubandira, kudula nsonga, kuchotsa mphukira, kuthyola tsamba limodzilimodzi, kusoka, kupachika pa mikangala, kusankha, kudinda. Palibe mwezi umene mlimi wa fodya amapuma. Tsono m'chaka cha 1619 ku Virginia kunabadwa mapasa. Kumapeto kwa Julaye nyumba yoyamba ya malamulo yosankhidwa ndi anthu inakumana ku Jamestown. Kumapeto kwa Ogasiti chombo chotchedwa White Lion chinakocheza pa Point Comfort ndi anthu a ku Afirika opitirira pang'ono 20, olandidwa m'chombo cha Apwitikizi chochokera ku Angola, anthu olankhula chinenero chachibale ndi chathuchi. Mwana mmodzi wa mapasawo anamutcha ufulu, namuonetsa kwa alendo onse. Winayo anamubisa kuseri kwa nkhokwe kwa zaka mazana awiri ndi theka.

Pano ndifuna tikhale pansi pang'ono, makamaka inu alonda a chikhalidwe, chifukwa pali lamulo limodzi la ku Virginia limene Mchewa yekha ndi amene angamve kuopsa kwake mpaka m'mafupa. Ku Mangalande mwana ankatsata atate wake: dzina, ulemu ndi ufulu zinkachokera kuchimuna. Eni minda a ku Virginia anaona kuti mwambo umenewu uwasaukitsa, pakuti ana ambiri a akapolo aakazi atate awo anali mabwana omwewo. Ndiye m'chaka cha 1662 nyumba ya malamulo ija, mwana wabwino uja wa mapasa, inagamula kuti mwana azitsata mai wake: mai akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo.

Mwana atsate mai wake! Kodi si mau athu omwe amenewa? Kwathu kunena kuti mwana ndi wa kuchikazi ndiko kumupatsa munda, kumupatsa malo kumanda, kumupatsa malume amene adzaimirire pabwalo tsiku la mlandu. Mbumba ndi mpanda wa munthu. Ku Virginia mau omwewo anawatembenuza ngati thumba, nakhala unyolo. Mwana anatsata mai wake kuti asakhale ndi atate omuyankhira, kapena malume omuombola. Mwini mbumba anakhala bwana, ndipo mbumbayo ankaiwerenga pamodzi ndi ng'ombe, n'kumaigulitsa akapanikizika. Thomas Jefferson, amene analemba chikalata cha ufulu wa Amereka m'chaka cha 1776, pa moyo wake anali ndi akapolo oposa 600, ndipo ana amene anabereka mwa kapolo wake Sally Hemings anabadwa akapolo m'nyumba ya atate wao chifukwa cha lamulo limeneli. Mwambo pa wokha si mankhwala. Mau amodzimodzi akhoza kulera mwana kapena kumugulitsa, malinga ndi amene wagwira khasu ndi amene wagwira cholembera. Amene amatiuza kuti tingolemba za miyambo osafunsa za malo ndi za ndalama akutiuza kuti tiyamikire chikwanje osayang'ana dzanja limene lachinyamula.

Fodya ku Virginia anasanduka ndalama yeniyeni. Misonkho inkaperekedwa m'fodya, milandu inkalipidwa m'fodya, ndipo m'busa wa mpingo wa Angilikani malipiro ake pa chaka anali mapaundi 16,000 a fodya, kulemera kwake osati ndalama. Kuchokera m'chaka cha 1730 fodya yense wopita kunja ankayamba wadzera m'nyumba za boma zoyesera, kumene woipa ankaotchedwa ndipo wabwino mwini wake ankalandira kapepala kamene kankayenda m'manja ngati ndalama. Mtengo wake ankauika ndi amalonda a ku London ndi ku Glasgow, amenenso ankakongoza eni minda katundu pa chikole cha fodya wa chaka chamawa. Mabwana a m'nyumba za njerwa zija anali m'ngongole mpaka m'khosi. George Washington anaona msanga, ndipo m'zaka za m'ma 1760 anasiya fodya pa munda wake wa Mount Vernon n'kuyamba tirigu. Jefferson anafa m'chaka cha 1826 ndi ngongole yoposa madola 100,000, ndipo mu Januwale 1827 anthu 130 a pa munda wake wa Monticello anagulitsidwa pa okushoni kuti ngongoleyo ichepe. Ngongole anadya ndi bwana, wolipira anakhala wolima. Ndikhulupirira kuti palibe wa ku Mchinji amene afuna kuti ndimumasulire chiganizo chimenechi.

Nthaka itaguga ndi fodya, Virginia anapeza mbeu ina yogulitsa: anthu. Pa kalembera wa 1860 chigawochi chinali ndi akapolo pafupifupi 490,000, kuposa chigawo china chiri chonse, ndipo msika wa anthu wa ku Shockoe Bottom mu Richmond unkatumiza amuna, akazi ndi ana ku minda ya thonje ya kumwera kwenikweni. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, Richmond yemweyo ndiye anali likulu la zigawo zimene zinagalukira boma pofuna kusunga ukapolo, ndipo mkulu wa asilikali ao Robert E. Lee anagonja pa Appomattox, mu Virginia momwemo, pa 9 Epulo 1865.

Apa ndi pamene luso losambitsa lija linayambira. Ogonja pa nkhondo anapambana pa nthano. M'chaka cha 1890 anaimika chifanizo chachikulu cha Lee ali pa kavalo pakati pa Richmond, naphunzitsa ana ao kuti nkhondo ija inali yoteteza ulemu ndi mwambo, osati ukapolo. M'chaka cha 1940 anasankha nyimbo yotchedwa Carry Me Back to Old Virginny kukhala nyimbo ya chigawo chao. Muli kapolo wokalamba amene akulira kufuna kubwerera kumene ankalimira bwana wake. Anaipeka ndi munthu wakuda, James Bland, m'chaka cha 1878, pa nthawi imene woimba wakuda ankadya pokhapokha aimbe zimene azungu afuna kumva. Taganizani: wokwapulidwa akuimbitsidwa nyimbo yolakalaka mkwapulo, ndipo nyimboyo n'kuitcha chikhalidwe. Pamene inkaimbidwa, malamulo a 1902 anali atalanda kale anthu akuda ambiri mwai woponya voti, lamulo la 1924 linali kuletsa ukwati wa mzungu ndi wakuda mpaka khoti lalikulu linalithetsa m'chaka cha 1967, ndipo boma la Prince Edward linatseka sukulu zake zonse kuchokera 1959 mpaka 1964 pokana kuti ana akuda ndi oyera akhale m'kalasi limodzi. Nyimboyo anaipumitsa m'chaka cha 1997. Lee anatsika pa kavalo wake pa 8 Sepitembala 2021, atakhalapo zaka 131.

Ngakhale nyimbo za kantire zimene makolo athu ankazikonda pa wailesi ya MBC ziri ndi msana wobisika womwewo. Zinakhwimira mu mzinda wa Bristol, umene malire a Virginia ndi Tennessee amaudula pakati monga malire athu amadulira midzi ya Achewa pakati pa Mchinji ndi Chipata. Kumeneko m'chaka cha 1927 banja la Carter, la ku mapiri a Virginia, linajambulitsa nyimbo zake zoyamba. Dzina la Carter aliyense wokonda kantire amalidziwa. Ndi angati amadziwa Lesley Riddle, woimba gitala wakuda amene ankayenda ndi A.P. Carter m'midzi kutolera nyimbo, iye n'kumasunga maimbidwe ake pamtima? Nanga banjo? Jefferson mwini wake analemba kuti chida chimenechi chinabwera ndi akapolo kuchokera ku Afirika. Joel Sweeney wa ku Appomattox anachiphunzira kwa anthu akuda, nadzipaka mwaye kumaso, n'kumachiimba pa zisudzo zonyoza omwe anamuphunzitsawo. Tsono mnyamata wa kwa Dambe akakhoma banjo yake ya chigubu ndi mawaya, kapena mukamvera malemu Alan Namoko, musafulumire kunena kuti akutsanzira azungu. Ndi mwana wa mbumba amene anagulitsidwa kutali, wabwerera kumudzi atavala zachilendo.

Anzanga a gulu lachiwiri adzati zonsezi n'zomvetsa chisoni koma n'zakutali. Chabwino. Tulutsani ndalama ya K2,000 m'thumba, ngati buku la ngongole la ku kantini lakusiyiraniko, muyang'ane nkhope iri pamenepo. John Chilembwe anapita ku Amereka ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, ndipo sukulu imene anaphunzira, Virginia Theological Seminary and College, inali ku Lynchburg, mzinda wa fodya, ulendo wosakwana makilomita 40 kuchokera pa Appomattox. Inali sukulu ya Abaptisti akuda, ndipo mkulu wake Gregory Hayes ankalimbikira kuti anthu akuda aziyendetsa okha sukulu zao, osadikira chifundo cha mamishoni a azungu. Chilembwe anakhala pakati pa anthu amene makolo ao, ena iwo eni, anabadwa akapolo. Anakhala m'chigawo cha Gabriel, wosula zitsulo amene anakonza zoukira Richmond m'chaka cha 1800. Cha Nat Turner, mlaliki amene anatsogolera akapolo ku Southampton mu Ogasiti 1831 napachikidwa. Cha Harpers Ferry, kumene John Brown anaukira m'chaka cha 1859 malowo akadali mbali ya Virginia. George Mwase, polemba za Chilembwe, anamulumikiza ndi John Brown, ndipo George Shepperson ndi Thomas Price m'buku lao la 1958 anafufuza mizu ya ku Amereka imeneyi mwakuya. Munthu ameneyu anabwerera kwao m'chaka cha 1900, namanga Providence Industrial Mission ku Mbombwe, napeza pafupi pomwepo, pa minda ya A.L. Bruce ku Magomero, anthu akugwira thangata. Liu limeneli kale linkatanthauza kuthandizana pa ntchito. Eni minda analitembenuza monga a ku Virginia anatembenuzira za mwana ndi mai wake. Za pa 23 Januwale 1915 mukuzidziwa. Chaka ndi chaka pa 15 Januwale timapuma, timavala masuti, timapemphera, ndipo Lynchburg timangomutchula ngati siteshoni imene sitima ya ngwazi yathu inaimapo kumwa madzi. Kodi munthu angamvetse bwanji mphika osafunsa ng'anjo imene unaotchedwamo?

Tsono tibwere kwathu kwenikweni. Mbeu ya fodya wa Virginia inalowa m'dziko muno ndi abale a Buchanan, ndipo mabelo oyamba anatumizidwa kunja m'chaka cha 1893. Imperial Tobacco Company inatsegula fakitale ku Limbe m'chaka cha 1908. M'zaka za m'ma 1920 A.F. Barron ndi mnzake Wallace anafalitsa fodya m'chigawo chapakati, nayambitsa ulimi wa matenanti cha ku Lilongwe. Wina adzandigwira pakamwa kuti kwa Dambe anthu ambiri amalima bale, osati kampopi, ndipo bale kwao ndi ku Kentucky. Zoona, bale woyera anapezeka m'chaka cha 1864 ku Ohio kuchokera ku mbeu ya ku Kentucky. Koma Kentucky anali mbali ya Virginia mpaka 1792, ndipo ngakhale mukane ubale wa mbeu, simungakane ubale wa msika. Kugulitsa fodya poyala milu pansi, ogula n'kumayenda mumzere pambuyo pa munthu wolankhula mothamanga ngati wagwidwa ndi mizimu, kunayambira ku Danville, Virginia, cha m'ma 1858. Chimenechi ndicho mlimi wa ku Mchinji anakachipeza ku Kanengo. Kampani ya Limbe Leaf gawo lake lalikulu ndi la Universal Corporation, imene likulu lake liri ku Richmond. Alliance One inabadwa m'chaka cha 2005 pamene makampani awiri anaphatikizana, ndipo imodzi mwa iwo, Dimon, inali ya ku Danville. Belo lochokera ku Kapiri likakwera lole, ulendo wake umathera m'mabuku a anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa James. Nanga kutali kuja kuli pati?

Ukapolo utatha m'chaka cha 1865, anthu omasulidwa anatuluka opanda munda. Eni minda anatsala ndi minda yopanda anthu. Anagwirizana chotere: bwana apereka malo, mbeu, zipangizo ndi chakudya pa ngongole, wolima apereka msana wake ndi wa mkazi wake ndi ya ana ake, pokolola bwana atenga gawo lake, nachotsa ngongole m'gawo la wolima, ndipo buku la ngongolelo wosunga ndi bwana yemweyo. Mabanja ambiri, akuda ndi oyera osauka omwe, chaka chinkatha ali ndi ngongole yoposa imene anayamba nayo.

Ine ndinakulira pafupi ndi esiteti ina imene sindiitchula dzina. Chaka chiri chonse dzinja lisanayambe lole inkatsitsa mabanja ochokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Mangochi, atanyamula mphasa ndi mapoto. Ankamanga tinyumba taudzu kuseri kwa zigafa. Kapitao anali ndi kope lachikuto chofiira. M'menemo munkalowa chiri chonse: ndowa ya chimanga cha phoso, mchere, khasu, feteleza, sopo, ndalama ya mankhwala mwana akadwala, ngakhale mtengo wa lole imene inawabweretsa. Fodya yense tenanti ankagulitsa kwa bwana yekhayo, pa mtengo ndi giredi zimene bwana wanena, ndipo malipiro ankabwera kamodzi pa chaka, msika ukatha. Ana a m'tinyumba timeneto tinkaphunzira nao teremu yoyamba. Yachiwiri ankasowa, ali kusoka fodya, manja akuda ndi utomoni, ena akusanza chifukwa chikonga cha tsamba lonyowa chimalowa pakhungu. Ndinaona bambo wina wamkulu, wa imvi zake, akutsatira chala cha kapitao pa kope lija mzere ndi mzere, iye wosadziwa kuwerenga, mpaka pansi pamene panalembedwa kuti chaka chonsecho watsala ndi ngongole. Sanakangane. Anangovula chipewa, monga munthu achitira maliro akamadutsa.

Ndisanamiziridwe: sindikunena kuti tenanti ndi kapolo. Tenanti sanagulitsidwe pa msika, ndipo mwana wake sanabadwe katundu wa munthu. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu ndipo wokufafaniza akunyoza anthu a ku Shockoe Bottom. Chimene ndikunena n'chakuti kope la kapitao ndi buku la mwini munda wa ku Virginia wa pambuyo pa 1865 ndi ana a mimba imodzi. Ndiponso pano sitingaloze mzungu chala n'kukhala pansi. Maesiteti amene anameza malo a midzi ku Mchinji ndi ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970 anali a ife tomwe: Press Farming, General Farming, nduna, akuluakulu a chipani ndi a m'boma amene mabanki anawatsegulira zitseko. Mpaka chaka cha 1990 lamulo silinkalola mlimi wamng'ono wa pamudzi kulima bale pa munda wake. Akafuna bale, njira inali yokalowa utenanti. Nyumba zina zokongola za ku Area 10 ndi ku Namiwawa njerwa zake zinaumbidwa kuseri kwa zigafa. Madigiri ena a pa koleji pano, ndi mikanjo yomwe, ndi chimodzimodzi. Fizi yanga inenso inatuluka m'belo, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sindingaisiyire alendo.

Pa 1 Novembala 2019 boma la Amereka linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana. Pali choseketsa chowawa pamenepo, mdzukulu wa Jamestown kudzatiphunzitsa za ukhondo wa fodya, koma amene anaseka anaseka yekha, pakuti mlanduwo unali woona. M'chaka cha 2021 nyumba yathu ya malamulo inasintha lamulo la ntchito nithetsa utenanti. Ndi chinthu chabwino. Komatu wowerenga mbiri ya Virginia sangaombe m'manja msanga. Kumeneko ukapolo unathetsedwa pa pepala n'kubwerera utavala malaya a mgwirizano. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Funso loyenera ophunzira a zachuma ndi a zamalamulo pano ndi lakuti kope lofiira lija lapita kuti, ndipo likutchedwa dzina lanji. Chiyambire 2012 fodya wambiri wa m'dziko muno amalimidwa pa kontirakiti, kampani n'kukongoza mlimi zipangizo n'kudzadula pogulitsa. Pali alimi amene apindula nazo. Koma amene anawerenga za Washington ndi amalonda a ku London ayenera kufunsa kuti wosunga buku ndani, ndipo woika giredi ndani.

Virginia mwini wake fodya akumutsanzika mwaulemu, ndi chipukutamisozi. Makampani a ndudu atagwirizana ndi zigawo za Amereka m'chaka cha 1998 kulipira chifukwa cha matenda, Virginia anapatula gawo la ndalamazo nakhazikitsa bungwe m'chaka cha 1999 lothandiza maboma olima fodya kupeza zochita zina. M'chaka cha 2004 boma la Amereka linathetsa makota a fodya, ndipo alimi ndi eni makotawo analipidwa pafupifupi madola 10 biliyoni m'zaka khumi. Ife tinalowa m'pangano la dziko lonse lochepetsa kusuta m'chaka cha 2023, tsamba limeneli litatipezera ndalama zakunja zoposa theka kwa zaka zambirimbiri. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mlimi wa ku Danville wake anafika pamphuno. Wa kwa Dambe, amene anatola ntchito imene mnzakeyo anaisiya, adakagwirizira wake pachala, ndipo mphepo yayamba kale kuomba.

Chimodzi ndiwayamikire a ku Virginia, ngakhale anachedwa ngati mvula ya chaka cha njala. Anayamba kufukula kuseri kwa nkhokwe kuja. M'chaka cha 2007 nyumba yao ya malamulo inavomera poyera chisoni chake pa ukapolo. Ku Monticello mlendo amaonetsedwa kumene akapolo ankagona ndi maina ao, ndipo m'chaka cha 2018 anatsegula chipinda chofotokoza moyo wa Sally Hemings. Zimenezi sizinagwe kumwamba. Zinatheka chifukwa anthu ouma mutu anakhala zaka akuwerenga mabuku a ngongole a mabwana, akufunsa nkhalamba, akulemba maina amene nyimbo ya chigawo inawadumpha.

Nanga ife? J.A.K. Kandawire analemba za thangata m'chaka cha 1979, Landeg White analemba za Magomero m'chaka cha 1987, ndipo tiyenera kuwawerenga. Koma tayang'anani masamba a magazini athu ano. Mwezi watuluka kangati m'ndakatulo zathu? Namwali watunga madzi kangati? Chigafa chimangooneka patali ngati chokongoletsa chithunzi, ndipo tenanti, ngati walowamo n'komwe, amadutsa kumbuyo atasenza mtolo, wopanda dzina, wopanda mau. Gule wamkulu timamulemba ngati wa m'kabati ya galasi chifukwa UNESCO inamuvomereza m'chaka cha 2005, kuiwala kuti gule yemweyo ndi amene amatulutsa zilombo zonyoza bwana, kapitao ndi mzungu wofiira nkhope. Anthu a kudambwe anayamba kale ntchito imene ife a madigiri tikuiopa. Ife tamanga Williamsburg wathuwathu wa mapepala, mmene aliyense wavala nyakula yoyera ndipo palibe amene ali ndi ngongole.

Kwa inu aphunzitsi a mbiri ndi a mabuku pempho langa ndi lakuti pophunzitsa za Chilembwe muziyambira ku Lynchburg, ndipo pophunzitsa za Amereka muziyambira ku Kanengo. Kwa inu anzanga a m'gulu lino, tchuthi chikubwerachi musapite nacho chonse ku tauni kwa alamu anu. Kwerani basi ya ku Mchinji, mutsike pa Kamwendo, mugwire mseu wa ku Kasungu mpaka pa Kapiri. M'midzi yozungulira pamenepo muli nkhalamba zolankhula Chilomwe ndi Chiyao zimene zinabwera pa lole zaka makumi anai zapitazo n'kulephera kupeza ndalama yobwererera kwao. Khalani nao pamphasa, mupereke moni wa ulemu, mufunse chaka chimene anafika, mtengo wa ndowa ya phoso, ndi kumene anaika ana ao amene anamwalira pa esiteti, pakuti mlendo analibe malo kumanda a eni mudzi pokhapokha mfumu itamva chisoni. Mukapeza kapitao wopuma, mufunseni ngati kope lake analisunga.